Mphika wa a Mukhwapa ndi Zitini za Alamu Awo

Mwezi wathawu tinamanga chiliza cha amalume anga, a Paulo Mukhwapa, kumanda a kwathu ku Nkaya. Chaka chinali chitakwana chimwalirireni. Anthu anabwera ochepa ndipo sindinadandaule, chifukwa eni akewo sankakonda chigulu. Chimene chinandinyansa n'chakuti pakati pa ochepawo panali a Dayisoni, alamu awo, amene analawirira kuchokera kwa Kawinga atavala jekete la buluu, nadzapempha kuti ayankhulepo mawu awiri. Anati malemuwa anali munthu wolimbika, wokonda ana, ndipo mudzi wawo unataya mzati. Atatha anakhala pansi, natsegula chikwama, nayamba kuonetsa amayi a kumpingo zitini zawo za ufa wopatsa thanzi, pomwepo pambali pa simenti yosauma. Ine ndinachoka n'kukaima kuseri kwa mlambe kuti ndisalavule anthu akuona.

A Dayisoni amenewa ndiwo anachotsa amalume m'mudzi umene anakhalamo kuyambira unyamata mpaka imvi, powanenera kuti anapha khanda. Nkhaniyo ndiifotokoza yonse. Koma ndiyambe ndi munthuyo, chifukwa pachiliza paja anamupaka mafuta ambiri moti ine mphwake sindinamuzindikire.

Amalume sanali munthu wosavuta kumukonda. Anali aafupi, a matewe, a mawu okalipa ngakhale akufunsa madzi akumwa. Moni wawo unali wochititsa manyazi. Mukangowapatsa dzanja, chala chawo chachikulu, chokhakhala ngati chitsononkho, chinali chitafika kale pansi pa diso lanu n'kukokera chikope pansi kuti aone m'kati. Mukakhala mofiira, ankangoti "hm" n'kukusiyani. Mukakhala motuwa, munkayenera kufotokoza zimene mwadya dzulo ndi dzana, anthu akumva. Anachitapo zimenezi kwa abusa, kwa mphunzitsi wamkulu, ngakhale kwa mkwatibwi wina atavala kale velo. Podya ankatafuna mokweza, mafupa a nkhuku ankawaphwanya mpaka osasiyako kanthu, galu n'kumawayang'ana mokhumudwa. Zipatso ankapereka mosaumira, koma mbewu ayi. Ukadya papaya lawo ankaima pomwepo ndi chikho kudikira nthangala, ndipo ukazitaya pansi unkatola imodziimodzi.

Ankaphikanso, ndipo ichi n'chimene chinkawapweteka mtima akazi awo, a Felesiya. Mwamuna wamkulu kukhala pa mafuwa akusinja nsinjiro, amayi odutsa ndi ndowa akuseka, zinali ngati kulengeza kuti mkazi wa pakhomopo ndi waulesi. Anakangana za zimenezi moyo wawo wonse. A Felesiya ankabisa mthiko, amalume n'kusema wina. Makamaka kalongonda sankalola munthu wina kumukhudza. Makolo athu anabwera naye kuchokera ku Mozambiki, ndipo aliyense wa kwathu amadziwa kuti nyemba imeneyi imafuna kuwira tsiku lathunthu, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso, apo ayi imakuzunguza mutu. Amalume ankanyadira kuti pa ntchito imeneyi palibe wowaposa. Koma chaka china anafulumira pofuna kudyetsa a kwaya amene anadzayimba kumudziko, ndipo madzulo ake theka la kwaya linali gone pansi pa mitengo, ena akusanza, ena akuti dziko likuzungulira. Palibe anafa. Kuyambira pamenepo, mkangano uliwonse ukafika povuta, a Felesiya ankangofunsa mofatsa ngati a kwaya aja anafika bwino kwawo, ndipo amalume ankatuluka panja.

Kwa Kawinga anapitako ngati mkamwini, monga mwa mwambo wa kumeneko ndi kwathu komwe: mwamuna amakakhala kwa mkazi, munda ndi wa mkazi, ana ndi a mbumba ya mkazi, ndipo wolamula pa anawo ndi mlongo wake wa mkaziyo. Mkamwini wanzeru amalima chimanga ndi nandolo, zinthu zoti akakolola zatha. Sabzala mtengo, chifukwa sadziwa ngati adzadye zipatso zake. Amalume anabzala mitengo mvula yoyamba yomwe. Mango, magwafa, mapapaya, mapeyala, masau, mandimu, nthochi kumunsi kwa dimba. Achimwene awo atawachezera anawachenjeza kuti akukongoletsa mudzi wa eni. Iwo anayankha kuti mwana akamadya gwafa safunsa kuti anabzala ndi wa mbumba iti. Kudimbako kunali bonongwe, chisoso, nkhwani, kholowa, therere, mbatata yofiira m'kati, ndipo kudenga la khitchini kunkalendewera zikwatu za mfutso zokwana kudutsa nazo chilimwe. Mudzi wonse unkadya za m'manja mwawo, ndipo mudzi womwewo sunaiwale tsiku ndi limodzi lomwe kuti munthuyu ndi wobwera.

Za mavitamini sankadziwa mayina, ndipo sankafuna kuwadziwa. Ankati munthu amafika ku Balaka bwinobwino osadziwa mayina a onse amene wakwera nawo minibasi. Maganizo awo anali akuti chakudya chimabwera ndi abale ake: ukadya papaya wadya madzi ake, kutsekemera kwake, ulusi wake wotsuka m'mimba, ndi zina zimene Mulungu sanatiuze, zonse pamodzi. Wopanga zitini amasololamo ulusi umodzi n'kukugulitsa ngati bulangete. Ankanenanso kuti mimba ndi chigayo, imafuna chogaya, ndipo chakudya chimene sudziwa munda wake uzichipatsa moni uli patali.

Musaganize kuti ankadana ndi chipatala. Mapilitsi awo a kuthamanga kwa magazi ankamwa m'mawa uliwonse, akunyinyirika koma osadumphitsa. Mayi woyembekezera akabwera ku sikelo ndi mapilitsi owonjezera magazi, amalume ankamulondalonda kuti wamwa kapena wataya kuseri kwa bafa. Kwa iwo kusiyana kunali poyera. Mankhwala a kuchipatala amapatsa munthu amene amuyeza n'kuona chimene chikusowa, ndipo namwino yemweyo amakuuza kuti ukadye. Chitini cha a Dayisoni chinali chimodzimodzi kwa wosabereka, wa shuga, mwana wolephera masamu ndi bambo wofooka kuchipinda. Nawonso amalume anali ndi zikhulupiriro zawo zopanda mutu. Ankawiritsa masamba a mapeyala n'kumamwetsa anthu, ati madziwo poti ndi ofiira akasanduka magazi. Namwino wina wachitsikana atawauza kuti kufiira kwa madzi si magazi, anakhala nyengo yaitali osamupatsa moni.

A Dayisoni ndi mlongo wawo wa a Felesiya, ndiye kuti mwini mbumba. Anagwira ntchito ya ukalaliki ku Boma, napuma, nakhala mkulu wa mpingo. Tsiku lina anapita kumsonkhano mu holo ina ku Balaka, nabwerako ndi baji pachifuwa, makatoni awiri ndi chiyankhulo chatsopano. Chilichonse chinali "kutsuka m'thupi". Sindinena kuti ankanama dala. Ndikhulupirira kuti ufa wawo ankaukhulupirira, poti eni ake ankamwa m'mawa ndi madzulo, ndipo izi n'zimene zimandinyansa koposa, chifukwa wakuba amachita manyazi koma wokhulupirira alibe. Ankagulitsa mapemphero akatha, pansi pa belu. Ankadziwa khomo lililonse limene lili ndi mwana ku Joni, ndi sabata imene ndalama imafika pa foni.

Tsiku la msika amalume ankakhala pamphambano n'kumaonerera. Amayi ankapita ku Ntaja atasenza mazira, mtedza, nandolo, nkhuku zomanga miyendo, n'kubwerako opepuka, madzulo n'kukagogoda kwa a Dayisoni. Chitini chinkaikidwa pamwamba pa kabati ngati chithunzi cha ukwati, ana n'kumadya nsima ndi mchere wosungunula. Ngakhale kuzonda odwala kunasintha. Kale munthu ankapita kwa wodwala ndi nkhuku, phava la nthochi kapena kambale ka matemba a ku Chilwa. Tsopano amayi a chigwirizano ankasonkha n'kugula chitini chimodzi, nakachipereka ndi nyimbo. Amalume ankati akaona zimenezi malovu amawawa m'kamwa. Lamulungu lina, polengeza za zopereka za masika, anaimirira osapatsidwa mpata nafunsa ngati chaka chino abweretse nandolo monga mwa masiku onse, kapena guwa nalonso layamba kulandira zitini. Anthu anaseka chogwira pakamwa. A Dayisoni sanaseke, ndipo potuluka anauza anzawo mokweza kuti mkamwini asamakule mwendo.

Esinati ndi mdzukulu wa amalume, mwana wa mwana wawo wamkazi amene anamwalira Esinatiyo akukwawa. Anamulera ndi a Felesiya, ndipo anakula akuyenda pambuyo pa anganga ake aamuna kudimba, pakamwa pali chikasu cha mango. Anakwatiwa ndi mnyamata wa mudzi woyandikana, amene anapita ku Joni mkazi ali ndi pakati. Ndalama zosamalira mkaziyo mnyamatayo ankatumiza kwa mwini mbumba, monga ulemu umafunira.

Esinati anachira kuchipatala chaching'ono cha kufupi, mwana wamwamuna, koma anataya magazi ambiri. Anamwino anamupatsa mapilitsi owonjezera magazi, namuuza kuti azidya kwambiri, chiwindi, mazira, nyemba, masamba, zipatso, ndipo akamva chizungulire abwerere msanga. Kunyumba analowa m'chikuta, m'kanyumba kamene mayi ndi khanda amabindikiramo mpaka mchombo utagwa ndi mwana atatulutsidwa. M'menemo mwamuna salowa. Amati mwamuna ndi wotentha, akaponda pakhomopo amamudula mwana, mwanayo n'kuyamba kutupa kapena kunyentchera mpaka kufa.

A Dayisoni sanalowe. Ankaima panja n'kumalamula kudzera mwa amayi. Atamva kuti chimbudzi cha Esinati chikuda, zimene mapilitsi aja amachita kwa aliyense, anati umenewo ndi umboni woti mankhwala a boma akumuwoletsa m'kati. Mapilitsi anatayidwa. Anati mayiyo atsukidwe kaye m'thupi: ufa wa m'chitini m'madzi ofunda m'mawa, masana ndi madzulo, kaphala kamadzimadzi ka ufa woyera, basi. Nyama ayi, mafuta ayi, mtedza ayi, kufikira zoipa zonse zitatuluka. Amayi achikulire sanaone chachilendo, poti mazira ndi zina ankaletsa kale pa mwambo wawo. Zakale ndi zatsopano zinagwirizana bwino kwambiri pa mimba ya mwana wamasiyeyo. Mchombo unagwa, koma poona kuti mayi sakutha kuima, amayi anati chikuta chipitirire mpaka apeze mphamvu.

Khonde la amalume linayang'anana ndi kanyumbako. Ankatumiza mapapaya, ankabwezedwa. Anatumiza msuzi wa nkhuku, anamwa ndi amayi olondera. Chimene ankatha kuchita n'kumvetsera, ndipo zimene ankamva zinali kulira kwa khanda kukucheperachepera, kuchoka pa kukuwa kufika pa kamawu ngati ka mwana wa mphaka. Anafunsa a Felesiya. Iwo anagwetsa misozi nati mkaka wa Esinati wauma, koma sangatsutse mlongo wawo pa mbumba yake. Anapita kwa a Dayisoni, nakhala pansi mwaulemu, chipewa m'manja, zimene sanachitepo chikwatirireni. Anapempha kuti mwanayo apite kuchipatala, kapena adye basi.

"Alamu," anatero a Dayisoni, "kufooka kumeneko ndiye kuti mankhwala akugwira. Inu za mbumba ino zisiyeni. Mukadumpha malire, musadzati sindinanene."

Amalume anamva bwino lomwe tanthauzo lake. Anali ndi nyumba, mkazi, dimba ndi mitengo pamalo amene sanali awo, ndipo zonsezo zikanatha ndi mawu amodzi a munthu ameneyu. Anabwerera kunyumba nakhala pakhonde tsiku lonse. M'mawa mwake kulira kuja sikunamvekenso.

Amalume anapha tambala wawo wamkulu. Anaphika chiwindi ndi nthutumba payokha kuti zifewe, bonongwe wotendera, ndi phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndi dzira. Dzuwa lili paliwombo, mudzi wonse uli pamithunzi ukuona, ananyamula mphika ndi nsanza, nadutsa bwalo, nakankha chitseko cha chikuta ndi phazi. Amayi awiri amene anali m'katimo anathawira panja akugwira kumutu. Esinati anali gone pamphasa, milomo itasweka, mapazi atatupa. Amalume anamukoka chikope, napeza m'kati moyera ngati chinangwa chosenda. Anamukhazika tsonga, namutsamiritsa pa bondo lawo, nayamba kumudyetsa ndi supuni. Khanda linali pambali, lopepuka, maso otseka, likupuma mwapatalipatali. Chitini chinali pawindo ndi kasupuni kake kapulasitiki. Sanachitaye kapena kuchiphwanya, anangochitulutsa n'kuchiika pakati pa bwalo kuti mwini wake adzatole.

Kenaka anaitana njinga zamoto ziwiri za kabaza. Esinati anamumangirira ndi chitenje kumsana kwa woyendetsa, a Felesiya nakhala kumbuyo kumugwirira, poti pamenepo nawonso mantha a mlongo wawo anali atawathera. Amalume anakwera inayo atafukata khanda. Kuchipatala chaching'ono anangowayang'ana n'kuwatumiza ku chipatala chachikulu ku Liwonde. Ine anandiimbira foni ali m'njira kuti ndikapereke magazi, poti magazi awo anati ndi okalamba. Ndinawapeza atakhala pansi pakhonde la wodi, malaya ali ndi madontho a phala. Esinati anamuika magazi ndipo anatsitsimuka. Khanda anayesetsa nalo, koma linamwalira tsiku lotsatira.

Mlandu unakambidwa pansi pa mtengo wa mango umene amalume anabzala okha. Sunapite kwa mfumu, unali wa pabanja, ankhoswe a mbali zonse. Kuchokera ku Nkaya tinapita ine ndi amayi anga, amene ndi mlongo wawo wa amalume. A Dayisoni anayankhula mofatsa, ngati munthu womva chisoni. Anati mwana anali bwinobwino, akulandira chithandizo, kufikira phazi la mwamuna litaponda m'chikuta. Anati anachenjeza, ndipo pali mboni. Amayi aja anavomera ndi mitu, maso ali pansi. Za mapilitsi otayidwa palibe anatchula. Za mkaka wouma palibe anatchula. Esinati anali akadali kuchipatala, ndipo ngakhale akanakhalapo, mwana wamkazi wa msinkhu wake safunsidwa pabwalo lotero. Ndinayesa kunena zimene adokotala anatiuza, koma anandidula kuti za chizungu zili ndi malo ake, pano tikukamba za mwambo. Amene ananena mawuwo anali a Dayisoni, baji ya kampani ya zitini ili pachifuwa.

Amalume atapatsidwa mpata sanadzuke n'komwe.

"Mwana uja anafa ndi njala, alamu. Njala, pamudzi pamene mapapaya akuwolera pansi. Mukufuna ndipepese chifukwa cholowa. Ine chimene ndikudandaula n'chakuti ndinachedwa kulowa."

Chigamulo chinali chaulemu, monga zimakhalira nkhanza za kwathu. Sanawathamangitse, iyayi. Anangoti akapume kaye kwawo mpaka mitima itazizira. A Felesiya ananyamuka nawo pabwalopo. Anawaperekeza mpaka pamsewu atawasenzera kathumba ka zovala, nawalonjeza kuti adzawaitanitsa. Amayi anga anafunsa ngati satengako mbewu zawo zija ankazisunga m'zikho, kapena khasu lokha. Amalume anati zimenezo ndi za mudzi uno. Anatenga bulangete ndi mapilitsi awo a kuthamanga kwa magazi.

Mitima sinazizire. A Felesiya anadwala dzinja lotsatira namwalira asanaitanitse munthu. Pamaliro amalume anakhazikidwa pa benchi ya alendo, napatsidwa chakudya m'mbale yovundikira ngati munthu wochokera kutali, ndiwo zake zothyoledwa m'dimba lawo lomwe. Mwambo wosudzula unachitika mofulumira mawa lake, ndipo njira yobwerera kumudziko inatsekeka.

Ku Nkaya anakhala kwa amayi anga. Kuno n'kouma, koma anthu amabzala ndithu, ndipo amayi anawapatsa malo kuseri kwa nyumba, pafupi ndi pamene timataya madzi otsukira mbale. Ndinawagulira mbande za mapapaya ndi mandimu. Zinauma m'machubu momwemo. Munthu amene ankalanda ana nthangala m'kamwa sanabzalenso kanthu, ngakhale tsabola. Kukhitchini sanalowenso. Ankadya chimene apatsidwa, mwakachetechete, mafupa n'kusiyira galu. Ankapereka moni wa dzanja ngati munthu wina aliyense, ndipo ana a mlongo wanga, amene anakula akuthawa chala chija, anayamba kudzipereka okha kuti awaone m'maso, koma iwo ankangowasisita pamutu. Masana ankakhala pa njerwa moyang'ana njanji, kuonerera mabogi akudutsa. Tsiku lina ndinawafunsa ngati amaganiza zoti akanangokhala pakhonde tsiku lija. Anandiyang'ana ngati ndanunkha, nandifunsa ngati Esinati ali moyo kapena ayi. Nditati ali moyo, anati ndiye ndisamafunse zopusa. Anadwala sitiroko chilimwe chili pafupi kutha, nagona masabata ochepa, namwalira m'mawa wina amayi akuwaphikira phala.

Pachiliza Esinati sanabwere chifukwa ali ndi khanda lina. Choncho sabata yathayi ndinakwera minibasi kupita kwa Kawinga kukamuona. Mwamuna wake anabwerako ku Joni. Mwanayo ndi wamkazi, wonenepa, wolira mokweza moti simungamvane. Esinati ali ndi khola la nkhuku ndipo mazira amadya yekha, amayi achikulire akuona. Chitini m'nyumba mwake mulibe. Koma a Dayisoni atadutsa pa njinga anagwada n'kuwapatsa moni, chifukwa munda umene amalima uli m'manja mwawo. Atapita, anandiuza motsitsa mawu kuti khanda lija linali litasiya kuyamwa kale anganga asanalowe, ndipo amayi onse amene anavomera ndi mitu pabwalo paja ankadziwa, poti ndiwo ankalidonthezera madzi a ufa uja m'kamwa ndi kasupuni.

"Ndimafuna ndidzawauze anganga kuti ine ndikudziwa," anatero. "Ndimangoti ndipita mwezi wamawa."

Ananditengera pamene panali pakhomo pa amalume. Nyumba inagwa denga, zipupa zatsala zofika m'chiuno, ndipo mbuzi zimagonamo. Dimba analigawa pakati pa adzukulu a mbumba, amene anabzalamo chimanga chokhachokha mpaka m'mphepete mwa madzi. Mitengo kulibe. A Dayisoni anaidula yonse chilimwe chathachi, mango, mapeyala, magwafa, masau, n'kuwotchera njerwa zomangira kashopu kawo ka pamsewu, kamene apaka utoto wobiriwira n'kujambulapo masamba ndi zipatso. Bwalo lonse lili mbee, dzuwa likuwomba paliponse, moti ana amene anatitsatira ankabisala mumthunzi wa chipupa chakugwacho. Ino ndi nyengo ya mango, koma pansi panalibe khoko ngakhale limodzi, ndipo Esinati anati mwana wake akadzayamba kudya, papaya azikagula ku Ntaja. Ndinayenda kufunafuna chitsa choti mwina chaphukira, poti gwafa safa msanga. Zitsa zonse zinali zakuda. Esinati anati mvula yoyamba itagwa zinaphukadi, ndipo a Dayisoni anatuma anyamata kuti aunjikepo mapesi n'kuzitentha.